Mashoko aatali amasintha kayendedwe ka njinga yamoto yonse

Mashoko akumbuyo akatha, eni njinga zamoto, makamaka a kabaza, amapita kumsika wa masipeya kukasaka ena. Kumeneko amapeza mashoko a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo ena amasankha dala aatali kuposa omwe njingayo idabwera nawo. Chiyembekezo chawo n'choti njinga ikakwera kumbuyo izinyamula katundu wochuluka, isamakhule mimba pa mahampu, komanso izioneka yadzitho. Palinso ena, makamaka aafupi msinkhu, omwe amasankha mashoko aafupi kuti mapazi azifika bwino pansi akaima.

Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, mwina masentimita awiri, atatu kapena anayi. Komabe njinga yamoto imaima pa matayala awiri okha, choncho kumbuyo kukakwera kapena kutsika, felemu yonse imapendekeka, ndipo kupendekekako kumafika mpaka ku chiwongolero. Kutalika kwa shoko ndiko kumakhazikitsa kaimidwe ka njinga: momwe mafoloko akhalira, momwe tcheni chikukokera, pomwe nyali ikuwalitsa ndiponso momwe njingayo ikhotera pakona. Kunyamula katundu ndi ntchito ya sipuling'i, ndipo shoko yaitali ikhoza kukhala ndi sipuling'i yofewa kuposa ya shoko yaifupi.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri kuposa eni njinga okha. Mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'matauni ena, kabaza ndiye amanyamula ogwira ntchito, ana asukulu, odwala ndi amalonda kuchokera m'madera omwe maminibasi safika. Wokwera amatha kuona ngati woyendetsa wavala chisoti, koma sadziwa zomwe makaniko adasintha pansi pa chishalo chomwe wakhalapo.

Zomwe zili mu shoko

Gudumu lakumbuyo siligwira ku felemu mwachindunji. Limamangidwa kumapeto kwa mkono wachitsulo wa mphanda wotchedwa swingarm, womwe mbali yake inayo imalumikizidwa ku felemu, kumbuyo kwa injini. Mkonowu umakwera ndi kutsika monga umachitira mpini wa mjigo. Shoko imaima pakati pa mkonowu ndi felemu, ndipo ndiyo imalamula pomwe gudumu likhale komanso mtunda womwe lingasunthe.

Mu shoko muli zinthu zinayi zoyenera kuzisiyanitsa. Choyamba ndi sipuling'i, yomwe imasenza kulemera kwa njinga, anthu ndi katundu. Chachiwiri ndi chubu cha mafuta chomwe chili m'kati mwa sipuling'iyo. Shoko ikamafinyika kapena kubwerera, mafutawo amakakamizika kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo zimenezi zimaletsa njinga kumangodumphadumpha ikagunda dzenje. Chachitatu ndi mtunda womwe shoko ingafinyike isanafike pothera. Chachinayi ndi kutalika kwake, komwe kumayezedwa kuchokera pakati pa bowo la bawuti yakumwamba kufika pakati pa bowo la bawuti yapansi, shokoyo isanasenze kanthu. Pa njinga zing'onozing'ono za injini ya 100cc mpaka 150cc, monga zomwe zafala pa kabaza, kutalikaku nthawi zambiri kumakhala pakati pa mamilimita 310 ndi 350.

Zinthu zinayizi siziyendera limodzi. Mashoko awiri ofanana msinkhu akhoza kukhala ndi masipuling'i osiyana mphamvu, ndipo shoko yaitali ikhoza kumafinyika mtunda wofanana ndi wa yaifupi. Wogula poyang'ana msinkhu wokha amakhala wasankha chinthu chimodzi, zitatu zinazo wazigula m'chimbulimbuli.

Kumbuyo kukakwera, mafoloko amaimirira

Mukaiyang'ana cham'mbali njinga yamoto, mudzaona kuti mafoloko saima chilili. Amatsamira cham'mbuyo, gudumu lili patsogolo, mahandulo ali chakufupi ndi woyendetsa. Kutsamiraku akatswiri amakutcha rake, ndipo kumayezedwa m'madigiri kuchokera pa mzere woongoka wochoka pansi kupita m'mwamba. Njinga zothamanga zampikisano zimakhala ndi rake ya madigiri pafupifupi 23 mpaka 25. Njinga wamba za tsiku ndi tsiku zimakhala chapakati pa 25 ndi 28, pamene zikuluzikulu zoyenda modekha, monga zina za Harley-Davidson, zimafika madigiri 30 kapena kuposerapo.

Pa rake pamabadwa muyeso wina wofunika kwambiri wotchedwa trail. Tayerekezani kuti mwalemba mzere kuchokera pakhosi pa felemu, pomwe chiwongolero chimazungulira, n'kuutsitsa motsatira kutsamira kwa mafoloko mpaka pansi. Mzerewo umakafika pansi patsogolo pang'ono pa malo omwe tayala lagunda msewu. Kampata ka pakati pa malo awiriwa ndiye trail, ndipo pa njinga zambiri kamakhala mamilimita 80 mpaka 110.

Kampataka ndiko kamachititsa kuti gudumu lakutsogolo lizidziwongola lokha. Timagudumu ta ngolo zokankha za m'masitolo akuluakulu timasonyeza bwino zimenezi. Kagudumu kalikonse kamagunda pansi kumbuyo kwa pomwe kamazungulira, choncho mukakankha ngoloyo kamatembenuka kokha n'kumalondola komwe mukupita. Tayala la njinga nalonso limagunda pansi kumbuyo kwa mzere womwe limazungulira, motero likapatutsidwa ndi mwala, msewu umalikokera m'malo mwake. Trail ikakhala yaitali, mphamvu yobwezayo imakula: njinga imakhazikika pa liwiro koma imalemera pokhota. Ikakhala yaifupi, njinga imapepuka pokhota koma imatekeseka msanga.

Tsopano ikani mashoko aatali. Gudumu lakumbuyo likhalabe pansi, choncho chomwe chikwere ndi felemu. Njinga yonse imawerama chakutsogolo, mafoloko amaimirira, rake imachepa, ndipo trail imafupika.

Masamu ake ndi osavuta. Pa njinga yomwe mtunda wa pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi mamilimita 1,300, kukweza kumbuyo ndi mamilimita 23 kumachotsa digiri imodzi pa rake. Pa gudumu la mainchesi 17 kapena 18, digiri imodziyo imachotsa mamilimita pafupifupi 6 pa trail. Choncho munthu amene wachotsa mashoko a mamilimita 340 n'kuika a 380, masipuling'i ake ali ofanana mphamvu, wakweza kumbuyo ndi mamilimita 40 kapena kuposerapo. Rake yachepa ndi madigiri pafupifupi awiri, ndipo trail yafupika ndi mamilimita 10 mpaka 12. Ngati idali 90, ndiye kuti gawo loposa limodzi mwa magawo 10 lapita, chonsecho makaniko sadakhudze bawuti ngakhale imodzi kutsogolo.

Zomwe woyendetsa amamva m'manja

Masiku oyamba woyendetsa amasangalala. Njinga imamvera msanga, imalowa pakona mosakakamiza, ndipo kuzembazemba pakati pa mdipiti wa galimoto ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe kumaphweka. Pansi pa injini pamakhala danga lokulirapo, motero mahampu ndi miyala sizikhula. Ubwino umenewu ndi weniweni, ndipo amakaniko a njinga zampikisano amakweza kumbuyo mwadala akafuna kuti njinga izikhota mwachangu. Koma iwo amasuntha mamilimita ochepa chabe pa nthawi imodzi, n'kuyamba ayesa njingayo asanasunthenso.

Mavuto amaonekera liwiro likakwera. Pa msewu wa phula monga wa M1, njinga ikagunda mlomo wa dzenje kapena kukankhidwa ndi mphepo ya thiraki yomwe yadutsa, gudumu lakutsogolo limapatuka mosavuta ndipo mphamvu yolibweza imakhala yochepa.

Mu 1971, katswiri wa ku Britain, Robin Sharp, adafalitsa kafukufuku yemwe adafotokoza mwamasamu mitundu ya kugwedezeka kwa njinga zamoto. Umodzi mwa mitunduyo ndi wobble, pomwe mahandulo amagwedezeka uku ndi uku mofulumira, maulendo angapo pa sekondi imodzi. Wina ndi weave, pomwe njinga yonse imayenda mwanjokanjoka pa liwiro lalikulu. Zoyambitsa zake n'zambiri: mabeling'i otha a pakhosi, mpweya wochepa m'matayala, mabushi otha a swingarm ndi katundu wolemera womangidwa kumapeto kwenikweni kwa njinga. Opanga njinga amasankha rake ndi trail atayesa kuti kugwedezekaku kuzizilala kokha. Kusintha miyesoyi mwachisawawa kumadya mpata wachitetezo womwe iwo adasiya, ndipo pa njinga yomwe zipangizo zina zidatha kale, mpatawo umakhala wochepa ndi kale. Njinga zampikisano, zomwe mafoloko ake amaimirira kwambiri, zimaikidwa kachipangizo kapadera koletsa mahandulo kugwedezeka. Njinga za kabaza zilibe kachipangizoka.

Pomanga mabuleki vutoli limakula. Kulemera kumathamangira kutsogolo, mafoloko amafinyika, ndipo trail imafupikanso kwa kanthawi. Njinga yomwe idayamba ndi trail yaifupi imatsala ndi yochepa zedi pa nthawi yomwe woyendetsa akufunitsitsa kuti ikhazikike. Kuwonjezera apo, anthu ndi katundu amakhala atakwera m'mwamba, ndipo katundu akakhala pamwamba, kulemera kochuluka kumachoka pa gudumu lakumbuyo pomanga mabuleki. Tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kukhukhuluzika msanga, zomwe n'zoopsa kwa woyendetsa wodalira buleki yaphazi yokha.

M'misewu yafumbi ya ku Mtandire, Chinsapo, Bangwe kapena Chibavi muli chinanso. Tayala likatitimira mumchenga kapena m'matope, malo omwe likukankhana ndi nthaka amasunthira kutsogolo, ndipo trail imachepa yokha. N'chifukwa chake mahandulo amafuna kupindikira mbali imodzi mumchenga. Njinga yokwezedwa kumbuyo imafika msanga pamenepa, ndipo popeza chishalo nachonso chidakwera, phazi la woyendetsa limachedwa kufika pansi kuti achirikize.

Mashoko awiri ndi shoko imodzi

Si njinga zonse zomwe zimakwera mofanana, chifukwa zimatengera pomwe shoko yagwira pa swingarm. Pa mjigo, kumapeto kwa mpini kumayenda mtunda wautali pamene pafupi ndi polumikizira pamangosuntha pang'ono. Njinga zambiri zochokera ku China zidatengera kapangidwe ka Honda CG125, yomwe idayamba kupangidwa mu 1975, ndipo zili ndi mashoko awiri omangidwa pafupi ndi ekiselo. Bajaj Boxer ya ku India nayonso ili ndi mashoko awiri. Pa njinga zoterezi, mamilimita 10 owonjezera pa shoko amakweza kumbuyo ndi mamilimita pafupifupi 10 mpaka 13.

Njinga za shoko imodzi ya pakati n'zosiyana. Kapangidweka kadatchuka mu 1973, pomwe Håkan Andersson wa ku Sweden adapambana mpikisano wa dziko lonse wa motocross wa njinga za 250cc pa Yamaha ya shoko imodzi, luso lomwe lidachokera kwa Lucien Tilkens wa ku Belgium. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makampani ena adabwera ndi mitundu yawo yokhala ndi timikono tolumikiza shoko ku swingarm: Pro-Link ya Honda, Uni-Trak ya Kawasaki ndi Full Floater ya Suzuki. Pa zambiri mwa njinga zoterezi, gudumu limayenda mtunda wowirikiza kawiri kapena katatu kuyerekeza ndi womwe shoko yafinyika. Mamilimita 10 owonjezera pa shoko amakweza kumbuyo ndi mamilimita 20 mpaka 30, komwe ndi kuchotsa digiri yathunthu pa rake. Mwini njinga ya shoko imodzi, monga zija zoyendera m'midzi ndi m'mapiri, ayenera kusamala kwambiri ndi shoko yochotsedwa pa njinga ya mtundu wina, ngakhale kusiyana kwake kukhale kwa chala chimodzi.

Tcheni, buleki, sitandi ndi nyali

Chiwongolero chikusinthika, zinthu zina zinayi zimasokonekeranso.

Tcheni chimakungika kwambiri pamene sipuloketi yaing'ono ya pa injini, polumikizira swingarm ndi ekiselo yakumbuyo zafola pa mzere umodzi woongoka, chifukwa pamenepo m'pomwe masipuloketi awiriwa atalikirana kwambiri. Shoko yaitali imatsitsa swingarm kutali ndi mzerewu, motero njinga ikaima yopanda munthu, tcheni chimaoneka cholendewera. Makaniko akachikoka kuti chifike pa muyeso wa masiku onse, womwe pa njinga zambiri zazing'ono ndi kusewera kwa mamilimita 20 mpaka 30, ndiye kuti anthu akakwera, swingarm n'kubwerera pa mzere uja, tcheni chimakungika mopitirira. Chikatero chimatamuka msanga, mano a masipuloketi amaperepeseka, beling'i ya pa injini yomwe imagwira sipuloketi yaing'ono imawonongeka, ndipo shoko imalephera kufinyika momasuka. Tcheni chikaduka pa liwiro chikhoza kukola gudumu. Mbali yake yapamwamba imayambanso kukhuda pa labala yemwe ali kutsogolo kwa swingarm, ndipo labalayo akatha, chimadya chitsulo.

Kutsetsereka kwa swingarm kumasinthanso momwe njinga imachitira woyendetsa akawonjezera moto. Swingarm ikatsika kwambiri, kukoka kwa tcheni ndi kukankha kwa gudumu zimalimbana ndi kukhala pansi kwa kumbuyo, ndipo zikapitirira muyeso shoko imauma pa nthawi yomwe tayala likufunika kumamatira msewu. Pa injini zazing'ono zimenezi sizimveka kwambiri, koma pa njinga zamphamvu zimasintha momwe tayala limagwirira potuluka pakona.

Buleki yakumbuyo ya njinga zambiri zazing'ono imakokedwa ndi kandodo kachitsulo kochokera ku phazi. Swingarm ikasintha kaimidwe, mtunda womwe phazi limaponda buleki isanagwire umasinthanso. Pena buleki imagwira mochedwa, pena imakhuda yokha njinga ikagunda hampu. Pa njinga za buleki ya disiki, paipi ya mafuta a buleki ikhoza kumakokeka gudumu likatsika mpaka pothera.

Sitandi idapangidwa molingana ndi msinkhu wakale. Njinga yokwezedwa imatsamira kwambiri pa sitandi yam'mbali ndipo imagwa mosavuta pa nthaka yofewa. Pa sitandi yapakati, gudumu lakumbuyo limakhalabe likugunda pansi, motero njinga siikhazikika, komanso kupaka mafuta tcheni kumavuta.

Nyali imamangidwa kutsogolo kwa njinga, choncho njinga ikawerama, kuwala nakonso kumawerama. Digiri imodzi yokha imatsitsa kuwala ndi masentimita pafupifupi 87 pa mtunda wa mamita 50. Njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, choncho kutaya mamita 20 kapena 30 a kuwala ndi kutaya sekondi imodzi kapena ziwiri zoonera munthu woyenda pansi, mbuzi kapena ngolo yopanda nyali.

Nanga mashoko aafupi?

Kufupikitsa mashoko kumatembenuza zonsezi. Kumbuyo kumatsika, mafoloko amatsamira kwambiri, rake ndi trail zimakula. Njinga imakhazikika pa msewu woongoka ndipo mapazi amafika pansi mosavuta, koma pakona imalemera ndi kufuna kupitirira chakunja. Nyali imaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso obwera kutsogolo. Sitandi yam'mbali imatalika, njinga n'kumaima pafupifupi chilili, moti kamphepo kapena mwana wotsamira akhoza kuigwetsera mbali inayo.

Choopsa kwambiri ndi kuchepa kwa danga. Pokhota, zopondera, sitandi yapakati kapena ekizozi zimafika pansi msanga, ndipo chitsulo chikagunda phula, tayala limanyamuka n'kuterereka. Komanso ngati shoko yaifupiyo imafinyika mtunda wofanana ndi wa yakale, gudumu limakwera kupitirira pomwe opanga adakonza, n'kukagunda madigadi kapena mawaya a pansi pa chishalo. Amene akufunadi njinga yofupikirapo angachite bwino kuyamba ndi kusema siponji ya chishalo, chifukwa zimenezi sizikhudza kaimidwe ka njinga. Ngati atsitsabe kumbuyo, makaniko wodziwa ntchito amatsitsanso kutsogolo ndi muyeso wofanana pokweza mafoloko m'zogwirira zake, kuti rake isasinthe.

Mpikisano wa MotoGP ukusonyeza kukula kwa nkhaniyi. M'zaka zaposachedwa, Ducati idayambitsa chipangizo chomwe wothamanga amatsitsira kumbuyo kwa njinga poyamba mpikisano komanso potuluka pakona, ndipo makampani enawo adatsatira. Njinga ikatsika, gudumu lakutsogolo silinyamuka msanga ndipo imathamanga bwino pa msewu woongoka. Koma chipangizocho chimabwezeretsa msinkhu wothamangayo akamanga mabuleki, chifukwa njinga yotsika kumbuyo siikhota bwino. Malamulo atsopano a mpikisanowu akuletsa zipangizo zoterezi kuyambira mu 2027.

Gwero la vuto ndi katundu

Oyendetsa kabaza omwe amakonda mashoko aatali ali ndi mfundo yawo yomveka. Wokwera amakhala pamwamba penipeni pa gudumu lakumbuyo, ndipo katundu wa pa kaliyala amakhala kumbuyo kwa ekiselo, komwe amakanikiza kumbuyo uku akunyamula kutsogolo. Kumbuyo kukatsika ndi mamilimita 40 chifukwa cha katundu, rake imakula ndi madigiri pafupifupi awiri ndipo gudumu lakutsogolo limapepuka. Shoko yaitali imabwezako msinkhu wotayikawo, choncho njinga yolemedwa imaoneka ngati yaima bwino.

Koma njingayo siikhala yolemedwa nthawi zonse. Woyendetsa akatsitsa munthu amabwerera yekha, nthawi zambiri mothamanga kuti akapeze wina, ndipo pamenepo m'pomwe njinga imawerama kwambiri. Komanso ngati sipuling'i ndi yofewa, shoko yaitaliyo imafinyikabe mpaka pothera, n'kumagunda chitsulo pa chitsulo dzenje lililonse. Kugundako kumapweteka msana wa wokwera, kumaswa mabushi, ndipo kukhoza kung'amba felemu pomwe shoko yagwira. Walira mvula walira matope.

Opanga njinga adaika kale njira yothetsera vutoli. Pansi pa sipuling'i ya mashoko ambiri pali mphete yamasitepe, nthawi zambiri asanu, yomwe imazungulitsidwa ndi sipanala yokhota. Mpheteyi imafinya sipuling'i pasadakhale, zomwe amakaniko amazitcha preload. Siisandutsa sipuling'i yofewa kukhala yolimba. Chomwe imachita n'kuchepetsa mtunda womwe njinga imatsika anthu akakwera, popanda kusintha kutalika kwa shoko, motero gudumu silitsika kupitirira pomwe tcheni ndi buleki zidakonzedwera.

Muyeso wake ndi uwu. Imikani njinga pa sitandi yapakati, gudumu lakumbuyo lili lende, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pa ekiselo kufika pa chizindikiro chomwe mwalemba pa felemu pamwamba pake. Kenako itsitseni, woyendetsa ndi wokwera akhalepo monga mwa masiku onse, wina ataigwirira kuti isagwe, n'kuyezanso. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtunda wonse womwe gudumu limayenda. Pa njinga yomwe gudumu lake limayenda mamilimita 90, ndiye kuti ndi mamilimita 25 mpaka 30. Ngati mphete yafika pa sitepe yomaliza koma njinga ikutsikabe kwambiri, chofunika ndi mashoko a msinkhu womwewo okhala ndi masipuling'i olimbirapo.

Pali malire omwe shoko iliyonse singachotse. Woyendetsa wa makilogalamu 70, wokwera wa makilogalamu 70 ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi makilogalamu 190, kupitirira mulingo womwe njinga zambiri zazing'ono zidapangidwira. Mulingowo umalembedwa m'buku la njinga, ndipo umawerengera matayala, masipoko, mabuleki ndi felemu, zomwe sizisintha mashoko akasinthidwa.

Musanagule ndi mutamanga

Masulani shoko imodzi yakale n'kuiyeza ndi tepi kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa bowo linzake, kapena pitani nayo kumsika. Gulani ya muyeso womwewo. Ngati sikupezeka, pa njinga ya mashoko awiri kusiyana kusapitirire mamilimita 10, ndipo pa ya shoko imodzi funani muyeso weniweni womwe opanga adalemba. Onetsetsaninso kuti mabowo ndi mabushi akukwanira bwino pa mabawuti.

Mashoko awiri asinthidwe onse pamodzi, akhale a mtundu umodzi, ndipo mphete zawo zikhale pa sitepe yofanana. Kusakaniza yatsopano ndi yakale kumapotoza swingarm ndipo njinga imakhota mosiyana kumanja ndi kumanzere.

Mutamanga, pemphani munthu wolemera akhale pa chishalo kapena akanikize kumbuyo mpaka swingarm ifole ndi masipuloketi, n'kuona ngati tcheni chikusewerabe pang'ono. Konzani kandodo ka buleki, zungulitsani gudumu kuti mumve ngati sikukhuda, ndipo usiku imikani njinga moyang'ana khoma, munthu atakhalapo, n'kukonzanso nyali. Ulendo woyamba ukhale wapang'onopang'ono, wopanda wokwera, pa msewu wopanda galimoto zambiri. Mahandulo akamagwedezeka, njinga ikamagwera pakona yokha kapena ikamakana kukhota, bwererani kwa makaniko musananyamule munthu.

Wokwera nayenso ali ndi zoti aone asanakwere. Njinga yomwe mchira wake waloza m'mwamba, danga la pakati pa tayala ndi madigadi lili lalikulu modabwitsa, mashoko ake ali osiyana mitundu, kapena mafuta akuchucha pa chubu cha shoko, ndi yofunika kuipewa. Chimodzimodzinso yomwe imakhala pansi mpaka kugunda munthu akangokwera. Pa siteji pamakhala njinga zingapo, ndipo wokwera ali ndi ufulu wosankha ina.